Mwini Ndalama ndi Mwini Njira

Iye amene alawira m'mamawa tsiku Loweruka mu mzinda wa Lilongwe, makamaka m'miyezi yopanda mvula, akhoza kuona cinthu cimene makolo athu akadazizwa naco. Kusanace bwino, pamene amai a malonda alikutsika ndi madengu ao kunka ku msika wa ku Old Town, galimoto imodzi iyendayenda m'miseu ya mithunzi ya ku Area 3, Area 9, Area 10 ndi Area 43, niima pa zipata za mipanda ya njerwa. Pa cipata ciri conse paturuka munthu mmodzi kapena awiri, obvala nsapato zolimba, thumba liri kumsana, botolo la madzi liri m'manja. Ena a iwo agwira nchito m'nyumba za akazembe ku City Centre. Ena ndiwo madotolo ndi aphunzitsi odzathandiza miyezi yowerengeka. Ena angotsika dzana pa bwalo la ndege la ku Lumbadzi. Ambiri sadziwana konse, ndipo afunsana maina ali m'galimoto momwemo. Akakwana asanu kapena asanu ndi atatu, ulendo uyambika wa ku phiri.

Mapiri ao asiyana. A ulendo wa tsiku limodzi apita ku Bunda, kumwera kwa mzinda. Kapena atsata mseu wa ku Dedza napatuka pa Kamphata kunka ku Nkhoma. Kapena apitirira kufikira phiri la Dedza, limene nsonga yace iri mamita 2,198 pamwamba pa nyanja yamcere. Ofuna zazikuru ayenda tsiku lathunthu kupyola Blantyre kufikira ku Mulanje, kumene agona masiku atatu kapena anai m'tinyumba ta m'phiri, monga pa Chambe, pa Lichenya ndi pa Chisepo, nalinga ku Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, yoposa zonse m'dziko lathu. Ndipo ulendo uli wonse ufuna munthu wa komweko wodziwa njira, amene masiku ano amchula gaidi, ndi ena osenza katundu. Anthu amenewa sacokera ku Area 43 ai. Ndiwo ana athu ndi abale athu, a m'midzi ya patsinde pa phiri. Cifukwa cace nkhani iyi itikhudza ife tonse.

Makolo athu anakwera mapiri, koma sanakwere cabe. Anakwera pothawa nkhondo, monga anthu a mfumu Mazengera amene anakhala m'phiri la Nkhoma poopa Angoni, kufikira zaka zija a Misyoni anadzamanga patsinde pace mu 1896. Anakwera kukapempha mvula, monga ku Bunda kumene kunali kacisi wa Acewa. Analowa m'mapanga a ku Chongoni pa miyambo yao, nasiya zolembalemba pa matanthwe, zimene ziripo kufikira lero, pamodzi ndi za Akafula, m'malo 127. Anakwera kukafuna nkhuni, uci, nsungwi ndi mankhwala. Munthu wokwera wopanda cokatenga akadamuyesa wozungulira mutu. Koma tisawaseke alendo awa. Munthu wokhala pa mpando masiku asanu, maso ali pa mapepala, amva njala ya kutopa monga wolima amva njala ya kupuma. Ndipo amene anaimapo pa nsonga ya Nkhoma m'mawa, naona midzi yonse ya cigwa ca Lilongwe iri pansi pace ngati mbeu zomwazika, adziwa kuti cokatenga ciripo, cingakhale sicilowa m'thumba.

Tsono funso lathu ndi ili: m'phiri alamule ndani, mwini ndalama kapena mwini njira?

Tiyerekeze cotere. Alendo asanu ndi mmodzi agona pa Chisepo, nalawira kunka ku Sapitwa. Atayenda maora awiri, mtsogoleri aona kuti mphepo yatembenuka, ndi kuti mtambo woyera ulikukwera kucokera kum'mawa ca kumwera. Aonanso kuti mai mmodzi wa m'gulumo watsalira, bondo lirikumpweteka, koma acita manyazi kunena. Mtsogoleri aima nati, "Pepani, bwana, lero phiri lakana, tiyeni tibwerere." Pamenepo mmodzi wa alendowo, wamphamvu woposa anzace, ayankha kuti, "Iai. Ndacokera kutari, ndalipira ndalama zambiri, nsonga ndi iyo tirikuiona, ndipo mkuca ndege yanga inyamuka. Ngati uopa, tsala. Njira ndiri nayo m'lamya yanga." Mtsogoleriyo ali ndi ana a pa sukulu, ndipo feteleza wa caka cino sanagule. Adziwa kuti mlendo wokwiya sapereka mphatso potsika, ndi kuti mau oipa akafika kwa okonza maulendo ku Lilongwe, mwina sadzamtumiziranso alendo. Nanga acite ciani?

Tiyambe ndi kumvera bwino mwini ndalama, pakuti mlandu suweruzidwa pomva mbali imodzi. Iye anena kuti wolemba munthu nchito ndiye alamula, ndipo m'zinthu zambiri anena zoona. Wophika wa ku Area 10 saphika nsima pamene mwini nyumba wapempha mpunga. Mmisiri womanga khola saika khomo kumene afuna iye, koma kumene afuna mwini ng'ombe. Anenanso kuti ali munthu wamkuru, wa nzeru zace, ndi kuti moyo wace ndi wace. Akafuna kuuika pangozi, mlandu suli pa wina. Ndipo aonjeza kuti sadziwa mtima wa mtsogoleri: kapena mtambowo ndi cifukwa cabe, munthuyo wangotopa, afuna kutsika msanga ndi malipiro athunthu. Mau awa sali opusa, ndipo tiyenera kuwayankha limodzi limodzi.

Tisanayankhe, tikumbukire cifukwa cace mau a mwini ndalama alemera kopambana m'makutu mwathu. Dziko lino lidziwa kusenza katundu wa mlendo. Kusanabwere galimoto, katundu yense wa boma, wa makampani ndi wa Misyoni anayenda pa mitu ya anthu, ndipo Azungu ambiri anayenda m'macira. Pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918, olemba mbiri awerenga kuti anthu a dziko lino pafupi 200,000 anagwidwa nchito ya tengatenga, nasenza cakudya ndi zipolopolo kunka ku malire a kumpoto ndi kupyola. Ambiri anafa ndi njala ndi nthenda, osaonanso kwao. Wa tengatenga sanafunsidwe nzeru. Anapatsidwa mtolo, nalozeredwa njira, ndipo yankho lace linali limodzi: "Inde, bwana." Zaka zapita zoposa 100, koma cizolowezi ca pakamwa sicifa msanga. Mnyamata wa lero, amene sanaone nkhondo ija, akhoza kumva lilime lace likuti "Inde, bwana," mtima wace ulikuti iai. M'mudzi "inde" wotereyo angotaya nthawi. M'phiri akhoza kupha munthu.

Tsono tifunse: kodi mlendo anagula ciani pamene analipira mtsogoleri? Wosenza katundu anamlipira cifukwa ca msana wace. Koma mtsogoleri anamlipira cifukwa ca maso ace ndi ciweruzo cace, ndizo zinthu zimene mlendoyo alibe. Pali nchito zina zimene wolipira alamula, ndipo pali zina zimene wolipira adzipereka kuti alamulidwe. Wodwala alipira dotolo, koma samuuza mankhwala oti amlembere. Wooloka nyanja alipira mwini bwato, koma mwera ukayamba, mwini bwato akati tikoceze, palibe wanzeru amene aturutsa cikwama cace kuti atsutse. Nchito ya mtsogoleri wa m'phiri iri ya mtundu umenewu. Mlendo wokana mau ace pa nthawi ya ngozi afanana ndi munthu wogula nyali, naizima pofika pa mdima, cifukwa kuunika kwace kwamuonetsa dzenje limene sanafune kuliona.

Ndipo zimene mtsogoleri adziwa siziri zazing'ono. Adziwa ciperoni, mphepo yozizira ya cinyezi yocokera ku nyanja yamcere, imene inatenga dzina lace ku phiri la Chiperone m'dziko la Mozambique. Mphepoyo ikagunda khoma la Mulanje ikwera, nizizira, nisanduka nkhungu ndi mvula yowaza. Ndipo ikhoza kukhala masiku awiri kapena atatu, makamaka kuyambira May kufikira August, ndiyo miyezi yomweyo alendo akonda kukwera. M'nkhunguyo munthu saona mnzace woima mapazi khumi patsogolo pace. Thanthwe limene m'mawa linagwira nsapato lisanduka loterera ngati therere. Kamtsinje kamene anakalumpha popita kadzala kufikira m'cuuno pobwera. Ndipo popeza mpweya uzizira ndi madigiri 6 kapena kuposapo pa mamita 1,000 ali onse okwera, munthu wocoka ku Lilongwe ndi malaya amodzi akhoza kufa ndi cisanu pa Sapitwa, zobvala zitanyowa, usiku umodzi wokha. Lamya ya m'manja ionetsa mzere wa njira, koma siinena kuti mwala uwu uterera, kapena kuti mpata uwo utsikira ku phompho. Ndipo moto wace ukatha ikhala ngati mwala wina m'thumba.

Izi sitinena mongoopsa. Mu July 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, wa zaka 28, wophunzira za cuma, anakwera Mulanje ali ndi mtsogoleri. Sanali munthu wonyoza eni dziko. Anayenda maiko ambiri kuti aone ndi maso ace umo akhalira osauka, nagona m'nyumba zao, nadya zakudya zao. Koma masiku a ulendo wace analinkutha, ndipo anali ndi cangu. Anasiya mtsogoleri wace m'munsi, napita yekha ku Sapitwa. Nyengo inasandulika, ndipo sanabwere. Anamfuna masiku ambiri, ndipo mtembo wace unapezeka mu August, patapita masabata pafupi atatu. Cinamupha ndi cisanu. Kale pang'ono, mu 2003, mkazi wina wa ku Holland ananka yekha ku nsonga yomweyo, nasowa. Ena a ku Mulanje anena kuti anthu otere atengedwa ndi mizimu ya m'phiri. Ife sitilowa m'mlandu umenewo lero. Tingoti dzina lenilenilo, Sapitwa, ndilo cenjezo limene akuru anasiyira ali yense wakumva cinenero cathu, ndipo safunsa adadya phula.

Nanga mau aja akuti, "Moyo wanga ndi wanga"? M'phiri mau amenewa sali oona. Mlendo akasowa, ndani akwera kukamfuna m'nkhungu yomweyo imene inamsokeretsa? Ndiwo atsogoleri ndi osenza katundu a pa Likhubula ndi midzi yozungulira, anthu a mabanja ao, amene alowa m'mapanga ndi m'ming'alu masiku ambiri, ndipo akampeza wobvulala kapena wakufa, amsenza pa mapewa ao kutsika naye. Mtsogoleri amene anatsala ndiye afunsidwa ndi apolisi, naloza zala anthu a m'mudzi mwace, nagona osagona zaka zambiri. Ndipo kutari, kutsidya la nyanja, kuli mai wina amene alindira mau a mwana wace. Munthu woika moyo wace pangozi m'phiri aikanso miyoyo ya ena, amene sanawafunse.

Aiwalanso kuti sanabwere yekha. Pokwera galimoto ija ku Lilongwe analowa m'gulu, ndipo kulowa m'gulu kuli ndi mangawa ace, cingakhale anzacewo anawadziwa dzulo lomwe. Gulu laling'ono liri ndi mtsogoleri mmodzi, ndipo iye sangadzigawe pakati. Akatsata wamphamvu kunka ku nsonga, mai wa bondo uja ndi anzace atsala m'nkhungu opanda wodziwa njira. Akatsika ndi ofoka, wamphamvu apita yekha. Cotero munthu mmodzi wouma mutu akakamiza mtsogoleri kusankha amene amsiye, ndipo kumeneko ndiko kumcimwira kwakukuru. Ife a kumudzi tidziwa lamulo la ulendo, pakuti tayenda maulendo a maliro ndi a misonkhano, akuru ndi ana pamodzi: liwiro la ulendo ndilo liwiro la wotsalira. Kali kokha nkanyama, tiri tiwiri ntianthu. Mlendo wofuna kuthamanga yekha akadayenera kulemba mtsogoleri wace wace. Posankha mtengo wocepa wa gulu, anasankhanso kuyenda ndi miyendo ya gulu.

Koma wina adzati, kodi mtsogoleri salakwa? Alakwa ndithu, pakuti phiri siliopa ngakhale wolidziwa. Mu 1949 Mzungu wosunga nkhalango ya Mulanje, dzina lace France, amene anakhala pa Chambe ndi mkazi wace ndi khanda lao, anaperekeza mlendo, Laurens van der Post, wotumidwa kucokera ku London kudzazonda phirilo. Ciperoni cinawapeza m'njira, mitsinje inadzala, ndipo poyesa kuoloka mtsinje wa pamwamba pa cigwa ca Ruo, France anatengedwa ndi madzi, nafa. Mlendoyo anapulumuka, nalemba nkhaniyo m'buku lace, Venture to the Interior. Apa tiphunzira ziwiri. Coyamba, moyo wa woperekeza ulinso pangozi, ndipo palibe malipiro okwanira kuugula. Caciwiri, zolakwa za mtsogoleri sizilingana kulemera kwace. Akalakwa pobweza anthu, kumwamba nikuyera masana, alendo ataya tsiku limodzi ndi cithunzi cimodzi. Phiri lidzakhalapo caka ca mawa. Akalakwa popitirira, cotayikaco sicibwera. Cifukwa cace, pamene mwini ndalama ndi mwini njira atsutsana, mau oti "tibwerere" ayenera kupambana. Ndipo lamuloli ligwira mbali zonse ziwiri: mlendo akati watopa, afuna kutsika, mtsogoleri asamkakamize kupitirira pofuna kuchuka.

Tsopano titembenukire kwa ana athu, pakuti ulamuliro umene tawapatsa m'nkhani iyi sudza wopanda mtolo wace. Mlendo uja anakayika kuti kapena mtsogoleri anama, ndipo tibvomere kuti kukayikako kuli ndi pocokera. Alipo anyamata amene aona galimoto ya alendo itaima patsinde pa phiri, nathamangira kukanena kuti adziwa njira, pamene anangofika pakati potema nkhuni. Alipo onena kuti ulendo ndi wa maora awiri pamene uli wa maora asanu, poopa kuti mlendo angaleke. Alipo ochula mtengo wina m'munsi, nachula wina pamwamba. Alipo oona kuti mlendo wabvala nsapato zosayenera, kapena kuti madzi ace acepa, nakhala cete poopa kumkwiyitsa. Mnyamata ali yense wocita izi aononga mau a anzace onse, pakuti tsiku lija mtsogoleri woona adzati "tibwerere," mlendo adzakumbuka bodza limene anamva ku phiri lina. Munthu amveredwa pamwamba ngati ananena zoona m'munsi. Ndipo kunena kuti "njira iyi sindiidziwa, ndikuitanireni mkuru wanga" sikucepetsa munthu ai. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Komabe tisasenzetse mnyamata wosauka mtolo wonse wa cilungamo, ife titakhala pa mthunzi. Nkwapafupi kuuza munthu kuti alimbe mtima. Nkobvuta kulimba mtima pamene kulimbako kudya ufa wa ana ako. Ngati tifuna kuti mtsogoleri akhoze kunena "iai," tiyenera kukonza zinthu kuti "iai" wace asamlande cakudya. Ndipo kukonzako kuyenera kucitika ku Lilongwe, galimoto isananyamuke, mitima iri pansi. Okonza maulendo auze alendo poyera kuti m'phiri mau otsiriza ndi a mtsogoleri, ndi kuti amene sabvomera ici asakwere. Malipiro apanganidwe pa masiku a ulendo, osati pa kufika ku nsonga. Mphatso ya potsika iperekedwe cifukwa anthu atsika amoyo ndi osungidwa bwino. Mlendo akabwera ndi dandaulo lakuti mtsogoleri anambweza, mwini nchito ayambe wamva mbali ya mtsogoleriyo, ndipo akapeza kuti anabweza anthu cifukwa ca nyengo, aime naye. Ikani tsiku limodzi lapadera pa ulendo wa ku Mulanje, kuti ndege ya mkuca isakhale ndiyo yolamula phiri. Pangano lomveka m'munsi licotsa mkangano pamwamba.

Ulemu womwewo ufike kwa osenza katundu. Ku Kilimanjaro, phiri la mamita 5,895 m'dziko la Tanzania, lamulo sililola mlendo kukwera wopanda mtsogoleri, ndipo katundu wa alendo amene munthu mmodzi asenza ayesedwa pa sikelo pa cipata, kuti asapitirire makilogalamu 20. Lamulolo linadza cifukwa anthu anazunzika kale. Mlendo wa mtima wabwino sayenera kulindira lamulo. Anyamule yekha thumba lace kamphindi, amve kulemera kwace, asanalipereke kwa mnzace. Ayang'ane ku mapazi a womsenzera, pakuti si bwino kuti wina akwere ndi nsapato za mtengo wa mbuzi ziwiri, wina ndi patapata. Afunse ngati ali naco copfunda ca usiku ndi cakudya cokwanira, pakuti cisanu ca pa Lichenya sicisankha khungu. Ndipo amfunse dzina lace, nalisunge. Zinthu izi zioneka zazing'ono, koma mlendo amene wayenda masiku awiri alikuchula munthu dzina lace, nadya naye pa moto umodzi, sadzabvutika kumvera munthuyo tsiku lacitatu.

Mbiri itiphunzitsa kuti osenza katundu sanakhale msana wokha. Pamene David Livingstone anamwalira kwa Chitambo mu 1873, panalibe Mzungu wina wolamula. Susi ndi Chuma ndi anzao anapangana okha, nakonza mtembo, nausenza miyezi isanu ndi inai kufikira ku Bagamoyo, kumene anafika mu 1874. Nzeru yonse ya ulendo uja inali yao. Pa 29 May 1953, pamene anthu anafika koyamba pa nsonga ya Everest, phiri loposa onse pa dziko lapansi, anaimapo awiri, Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay. Ndipo Tenzing anayamba nchito ya m'mapiri monga wosenza katundu wa alendo. Ngakhale kwathu kuno, pa mpikisano wa Porters Race ku Mulanje, anyamata a patsinde pa phiri athamanga kucokera pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kupyola ku Lichenya ndi kutsikanso, m'maora awiri ndi pang'ono, njira imene mlendo aiyenda tsiku lathunthu kapena awiri. Munthu wotere poyenda pang'ono pang'ono patsogolo pa alendo, naima kuwalindira, alikudzicepetsa dala kuti awatumikire. Asaiwale iye mwini, ndipo asaiwale mlendo, kuti wodziwa pa awiriwo ndani.

Sitinena izi kuti ana athu adzikuze pa alendo. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Ndipo mwambo wathu ndi wakuti acoke ndi mbiri yabwino ya mudzi. Ndalama zace ziphunzitsa ana, zigula malata, ndipo zipatsa anthu cifukwa ca kusunga mitengo, pakuti palibe mlendo adzalipira kudzaona phiri lometedwa mpala. Mkungudza wa Mulanje, mtengo wa pfuko lathu, watsala pang'ono kutha ndi macaka a akuba. Ndipo popeza mu 2025 phirilo linalembedwa ndi UNESCO m'kaundula wa malo a mtengo wapatari a dziko lonse lapansi, monga Chongoni analembedwa mu 2006, tiyembekeza kuti odzaliona adzacuruka. Pa zinthu zambiri za ulendo mlendo ndiye asankha: phiri loti akwere, masiku oti akhale, cakudya coti adye, malo oti aime ndi kujambula. Mtsogoleri amtumikire m'zonsezi mokondwa ndi mofatsa. Pa cinthu cimodzi cokha asagonje, ndico moyo wa anthu amene anaikizidwa m'manja mwace. Mwambo wathu womwewo wa kucereza alendo utero: mwini mudzi apatsa mlendo mphasa yabwino ndi nkhuku, koma mlendoyo akafuna kuturuka usiku kunka ku dambo kumene kuli ng'ona, mwini mudzi aima pa khomo. Akamlola cifukwa ca ulemu, mudzi wonse udzamuyesa wakupha mlendo wace.

Tibwerere tsono kwa mtsogoleri uja tinamsiya ataima pa thanthwe, nkhungu irikukwera. Ife titi anene kaciwiri, mosakweza mau, pamaso pa gulu lonse, kuti onse amve: "Bwana, ndamva kuti mwacokera kutari, ndipo cisoni ndiri naco. Koma ine ndinalandira anthu asanu ndi mmodzi m'munsi, ndipo ndidzabweza asanu ndi mmodzi. Mtambo uwo ndiudziwa. Titsike tsopano, njira ikali kuoneka." Akatero atembenuke, nagwire thumba la mai wa bondo uja, nayambe kutsika. Kawiri kawiri wouma mutu akaona anzace onse atsata mtsogoleri, atsata nayenso, alikung'ung'udza. Mwina mphatso sidzaperekedwa tsiku limenelo, ndipo mwina feteleza adzacepa caka cimeneco. Sitibisa kuti coona ciri ndi mtengo wace, ndi kuti kawiri kawiri aulipira ndi wosauka.

Cifukwa cace mau athu otsiriza apita kwa inu akuru ndi amai a m'midzi ya patsinde pa mapiri. Mwana wanu akabwera madzulo wopanda mphatso, nanena kuti anabweza alendo cifukwa ca nyengo, musamdzudzule kuti wataya mwai, ndipo musamyerekeze ndi mwana wa uje amene anafika nao ku nsonga m'mvula nalandira zambiri. Mpatseni madzi osamba, mumuikire nsima, ndipo mumfunse kuti anakwera ndi anthu angati, natsika nao angati. Ciwerengero cikalingana, wagwira nchito yace.